Wojambula Amene Analoza Kamera Kumwamba

Tsiku limene anatseka situdiyo yake, palibe amene anabwera kudzamutsanzika. Anachotsa nsalu imene anthu ankaima patsogolo pake pojambulitsa, n'kuipinda. Anazula mawaya a nyale ziwiri zowunikira, n'kupereka kiyi kwa mwini nyumba. Mwini nyumbayo anali atafika kale ndi munthu wina amene ankayeza khoma kuti aikemo shopu ya mafoni.

Inu amene mukuona ngati ntchito yanu yatha ndipo zaka zakutherani, mverani nkhani ya bambo ameneyu.

Anthu ankamutchula kuti Musaphethire, chifukwa ndiwo mawu amene ankanena asanadine kamera. Anajambula maukwati, makanda ndi zithunzi za ziphaso mpaka imvi zinamera. Kenako aliyense anakhala ndi kamera m'thumba mwake. Makasitomala anayamba kuchepa pang'onopang'ono, mpaka amene ankalowa mu situdiyomo anali ongopempha kutchaja foni.

Katundu wake anakaunjika kuseri kwa chitseko cha kuchipinda. Banja linatsala likudya za makina osokera, poti mkazi wake anali telala. Iye ankangokhala pakhonde, ndevu osameta, ndipo msewu wodutsa kusitudiyo kuja anasiya kuyendamo.

"Abambo, mpandowo utopa nanu," anatero mkazi wake tsiku lina. "Dzukani mukaoneko anthu."

"Anthu ndinawaona mokwanira," iye anayankha.

Madzulo ena kusanade kunabwera mlamu wake, mchimwene wa mkaziyo, amene ntchito yake inali yowotcherera zitsulo. Mwezi unali utangotuluka kuseri kwa madenga, waukulu ngati ungagwere pabwalo. Mlamuyo anaujambula ndi foni, n'kuyamba kuseka.

"Alamu, mafoni anakulandani ntchito, koma taonani apa. Chimwezi chonse chija changosanduka kadontho ka penti."

Musaphethire anatenga foniyo n'kuyang'anitsitsa kadonthoko kwa nthawi yaitali. Sanaseke. Kuyambira pamene anatseka situdiyo, aka kanali koyamba kuona chinthu chimene foni inalephera kujambula.

M'mawa mwake anameta ndevu. Anayamba kubwereka foni ya mkazi wake n'kumawerenga za kajambulidwe ka mwezi ndi nyenyezi. Anapeza kuti pamafunika telesikopu, chipangizo chokoka kuwala kwa zinthu zakutali, ndipo kamera imamangiriridwa pamene pamakhala diso la munthu.

Apa ndi pamene anapupuluma. M'sitolo ina yogulitsa zidole ndi ziwiya za pakhomo anaona telesikopu ili m'bokosi lokongola, lojambulidwa nyenyezi zamitundumitundu, lolonjeza kukuza chinthu kambirimbiri. Anagula tsiku lomwelo. Atafika kunyumba anapeza kuti miyendo yake ndi yopyapyala ngati ya udzudzu. Kamphepo kakangowomba, chipangizo chonse chinkanjenjemera. Mwezi unkaoneka ngati ukuuonera m'madzi a sopo.

Atabwerera nayo, wogulitsa anangoloza chitseko. "Bambo, katundu akatuluka muno sabwerera."

Kunyumba mkazi wake anangopitiriza kusoka. Mlamu yekha ndiye anang'ung'udza kuti chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Ambiri akadalekera pamenepa. Musaphethire anabwerera kukawerenga, ulendo uno mofatsa. Anaphunzira kuti zolemba pabokosi si kanthu. Chofunika ndi kukula kwa galasi lam'kati, poti ndilo limasonkhanitsa kuwala, komanso kulimba kwa choimikapo. Telesikopu yabwino yokhala pa miyendo yofooka ili ngati telala waluso wosokera pa tebulo logwedera.

Anayamba kufunsa kulikonse. Patapita miyezi, anamva za mayi wina wamasiye amene ankagulitsa katundu wa malemu amuna awo. M'galaja mwawo, pakati pa matayala akale ndi zitini za penti, munali chimpaipi choyera chokutidwa ndi bulangeti. Musaphethire anachivundukula n'kuwunika m'kati ndi tochi. Galasi linali ndi fumbi koma lopanda chokanda. Anapotokola kachitsulo kowongolera chithunzi, kanayenda bwino. Anatsamira miyendo ya choimikapo ndi thupi lake lonse, sinagwedere.

"Amuna anga ankachikonda kuposa ine," anatero mayiwo, akumwetulira pang'ono. "Ana akuti ndi chitsulo chotha ntchito. Ine ndikufuna chipite kwa munthu woti akachigwiritse ntchito."

Mtengo unali wachifundo, komabe iye sakadaukwanitsa popanda kugulitsa nyale za situdiyo ndi makina otsukira zithunzi. Anauza mkazi wake ali pa makina osokera.

Mkaziyo anaimitsa phazi. "Mukagulitsa zimenezo, situdiyo simudzatsegulanso."

"Ndikudziwa."

"Ndimangofuna mudziwe. Pitani mukagule. Koma ikakhala ngati yoyamba ija, mudzasokerera mabatani pambali pangapa mpaka mano atathe m'kamwa."

Anagula. Anangosunga kamera ndi kompyuta yakale ya kusitudiyo.

Kugula kunali kosavuta. Ntchito inali kumanga. Buku la malangizo linali litasowa kalekale. Ulendo woyamba anakweza chimpaipi chija asanaike chitsulo cholemera chimene chimakhala mbali inayo, ndipo chinapendekeka n'kutsala pang'ono kumenyetseka pasimenti. Anachiwakha ndi phewa. Phewalo linatupa, koma galasi linapulumuka. Kuyambira pamenepo anadziwa kuti cholemera chimayamba, paipi imabwera pambuyo, kenako n'kusendeza pang'onopang'ono mpaka mbali zonse zitafanana kulemera.

Atasuzumiramo koyamba anaona mitengo itazondoka. Anaganiza kuti wagulanso chakufa. Anadzamva pambuyo pake kuti telesikopu za mtundu umenewu zimatero, ndipo kumwamba kulibe chadodolido.

Kamera nayo inakana. Mphete yolumikizira imene anaitanitsa inali yaitali, chithunzi osabwera bwino ngakhale apotokole bwanji. Mlamu anaitenga n'kupita nayo kumalo ake a ntchito, anaidula, anaipala, anabwera nayo itafupika.

"Ndawotcherera mageti ambiri," anatero poipereka, "koma geti lolowera kumwamba ndi loyamba lino."

Panatsala katelesikopu kakang'ono kokhala pamsana pa yaikuluyo, kamene kamathandiza kuloza. Kameneka kamayenera kuyang'ana pamodzimodzi ndi yaikulu, ndipo kamakonzedwa masana poloza chinthu chakutali chosasuntha. Musaphethire anasankha nsonga ya mlongoti wina wautali. Tsoka lake, mlongotiwo unali kuseri kwa nyumba ya mnansi wake, dalaivala wa lole.

Nthawi yomweyo mitambo inabwera n'kukhazikika. Masabata anadutsa kumwamba kuli bii. Iye ankatulutsabe telesikopu masana kuti manja azolowere, ndipo mphekesera zinayamba kuyenda. Ena ankati wagula mzinga. Ena ankati umphawi wamusokoneza mutu. Koma zimene zinafika kwa dalaivala uja atabwera kuulendo zinali zoti wojambula amasuzumira pawindo la mkazi wake.

Dalaivalayo anafika dzuwa litangolowa, osagogoda.

"Achikulire, ndimakulemekezani. Kodi kwathu mukufunako chiyani? Chinthu ichi chichoke, apo ayi ndichiphwanya ndekha."

Anansi anayamba kusonkhana kumpanda. Mkazi wa Musaphethire anatuluka, tepi yoyezera ili m'khosi. Chuma chonse chimene banjalo linatsala nacho chinali chitaima pabwalopo pa miyendo itatu, patsogolo pa munthu wokwiya.

Musaphethire sanakweze mawu. Anayang'ana kumwamba. Mitambo inali itang'ambika mbali imodzi, ndipo mwezi watheka unali poyera. Anatembenuza paipi, analoza, anawongola chithunzi, n'kusendera pambali.

"Musanaphwanye, taonani zimene ndimafuna."

Dalaivala anawerama monyinyirika. Anakhala chowerama nthawi yaitali. Atadzuka anayang'ana mwezi ndi maso ake, n'kuweramanso.

"Maenje onsewa ali kumwamba komweku?" anafunsa motsitsa mawu. "Ine ndimayesa maenje ali m'misewu mokha."

Anthu anaseka. Iye anapita kwawo osapepesa, koma anabwerera ndi mkazi wake kuti nayenso adzaone. Madzulo amenewo mzere unafika mpaka kugeti.

Kuona ndi maso kunatheka, koma kujambula kunali nkhani ina. Zithunzi zoyamba zinatuluka zosokonekera, chifukwa chala chikadina kamera telesikopu inkagwedezeka. Anaphunzira kuitchera kuti izidina yokha iye atachotsa dzanja. Mwezi nawo sunkadikira. Akangochedwa pang'ono unkatuluka m'chithunzi, poti dziko limazungulira. Nyenyezi zinkatuluka ngati timizere ta choko. Anaphunzira kulozetsa mutu wa choimikapo kumalo amene thambo lonse limaoneka ngati likuzungulirapo, kuti azitsatira nyenyezi ndi kachitsulo kamodzi. Anaphunziranso kuti chithunzi chabwino sichikhala chimodzi. Amajambula zambiri zachangu, n'kutaya zoipa, n'kusanjikiza zotsalazo pakompyuta.

Zimene anataya zinali zochuluka kuposa zimene anasunga. Kompyuta yakale ija inkazima pakati pa ntchito, iye n'kuyambiranso. Masana ankathandizadi kusita zovala zimene mkazi wake wasoka, kuti pakhomo pasagone njala. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo iye anadekha.

Tsiku lina chithunzi chinatuluka. Unali mwezi watheka, mapiri ake akuponya mithunzi, dzenje lililonse likuoneka m'mphepete mwake. Anakachitsukitsa chachikulu kwa munthu yemwe uja anagula makina ake. Mkazi wake anachiyang'ana, sanayamikire, anangotenga msomali n'kuchipachika pamwamba pa makina osokera, pamene kasitomala aliyense ankayang'ana poyezedwa.

Mmodzi mwa makasitomalawo anali mphunzitsi wamkulu wa sukulu ina.

"Mwachidula m'magazini yanji?" anafunsa.

"Ajambula ndi abambo akunyumba kuno," mkaziyo anayankha, mapini ali pakamwa. "Pabwalo pomwepa."

Mphunzitsiyo anagula chithunzicho, n'kupempha kuti mwini wake abwere ndi telesikopu kusukulu. Dalaivala uja ndiye anainyamula, ataikulunga m'mabulangeti ngati wodwala. Ophunzira anaona mwezi, kenako anaona pulaneti ya Jupita ndi timiyezi take titandandalika pambali. Sukulu ina inamva, nayonso inaitana. Kenako hotelo ina inamupempha kuti azibwera kumapeto kwa sabata kudzaonetsa alendo.

Mlamu anamupangira chopanira choti munthu aikepo foni yake pa telesikopu n'kudzijambulira yekha mwezi. Anthu ankalipira mokondwa. Ena anayamba kufunsa kuti nawonso angayambe bwanji, ndipo iye anatsegula kalasi yaing'ono pakhonde. Amawauza zochepa: asagule bokosi, agule galasi ndi miyendo, ayambe ndi mwezi asanathamangire nyenyezi, ndipo asachite manyazi ndi zithunzi zoipa.

Musaphethire sanalemere. Alibe galimoto, ndipo denga la nyumba yake limadonthabe pakona imodzi. Koma pakhomo pake pali ntchito ziwiri tsopano, ndipo akamayenda mumsewu amayang'ana anthu m'maso. Panopa akulimbana ndi mlalang'amba, umene mpaka lero ukumutulukira ngati utsi. Akuti ukufunika malo akutali ndi magetsi a m'misewu, ndipo akukonzekera ulendo.

Wophunzira wake wina, bambo wopuma pantchito, anamufunsa ngati si mochedwa kuyamba zinthu zoterezi munthu atakula.

"Kuwala kumene tikujambulaku kunanyamuka kwawo ife tisanabadwe," anayankha akumangitsa chitsulo. "Kwafika lero, ndipo palibe akukufunsa kuti unachedwa kuti."

Inunso mwina chitseko china chakutsekerani, ndipo mukuona ngati zimene mumadziwa zilibenso msika. Luso silifa tsiku limene ntchito yatha. Limafuna munthu woti alilozetse kwina, n'kupirira pamene zoyamba zikukanika. Mudzalakwitsa, mudzasekedwa, mitambo idzakutchingirani nthawi imene mwakonzeka. Dzukani, konzani zida zanu, yesaninso mawa. Musataye mtima, kumwamba kumayera.