Legeni Yomwe a Liyu Anathyola

Amene anandithyolera legeni pamaso pa anzanga ndi a Liyu, nkhalamba ya ku China yomwe inkachita lendi kuseri kwa nyumba yathu ku Domasi, mwana wawo akugulitsa katundu m'sitolo ku Songani. Ndikawakumbukira ndimamva fungo la adyo wokazinga litasakanikirana ndi utsi wa fodya wawo, komanso kukhosomola kwawo kwa m'mawa akuthirira anyezi obzala m'zitini.

Tsikulo ndinali nditapha mpheta zambiri kumunda wa mpunga, nditazimanga pa luzi. A Liyu ataziona anandilanda legeni, n'kuithyola pabondo. Anzanga anaseka. Ine mtima wanga ndi wapachala: ndinawatukwana, ndinawagendera denga, ndipo zaka zinadutsa osawapatsa moni. Amayi ankati munthu wamkulu sasungiridwa mkwiyo, koma sindinkamva.

Sukulu ndinasiyira sitandade sikisi bambo atamwalira, ndipo kamunda ka mpunga kaja kanatsala m'manja mwanga. Chakudya chathu chonse chinali pomwepo. Chaka china mbalame zinachuluka moti ndinapsa mtima, ndinakagula mankhwala a makoswe kuti ndisakanize ndi madeya, zonse zithe.

A Liyu anandipeza ndikusakaniza pakhonde. Anakhala pansi movutikira, n'kuyamba kulankhula Chichewa chawo chodukaduka. Anati ali mwana kwawo ku China, boma la chikomyunizimu linalamula kuti mpheta ndi adani a dziko chifukwa zimadya mbewu. Mudzi wonse unatuluka ndi mapoto ndi ng'oma, kuchita phokoso osapuma mpaka mbalame zinkagwa pansi ndi kutopa. Iwo anayamikiridwa kusukulu chifukwa chotola zambiri. Kenako kunabwera dzombe, lopanda mbalame zolidya, n'kumaliza mbewu zonse. Anthu anadya makungwa a mitengo, ndipo wonena kuti kuli njala ankatengedwa ngati woukira.

"Mlongo wanga wamng'ono anafa," anatero. "Ine ndinamenya poto kwambiri."

Kupepesa sindinkakudziwa. Madeya aja ndinakwirira kudzenje, ndipo mbalame ndinkangoziinga ndi zitini, dzuwa likundiwotcha, uku ndikudzitcha chitsiru.

Mpunga usanakhwime kunagwa mbozi. Masamba anayamba kubooka, ndipo amayi anasiya kulankhula za zokolola. Koma m'mawa uliwonse mbalame zija zinkatera m'munda, kutola mbozi ngati zalembedwa ganyu. Zinadyako mpunga, inde, koma tinakolola wokwanira kufika chaka china. Mpaka lero ndikamva phokoso la mpheta mtima umakhala pansi.

Nditamva kuti a Liyu akubwerera kwawo, ndinawatengera mpunga wopuntha m'lichero. Anaununkhiza, misozi ili lengelenge m'maso. Ndinagwada monga amayi ankafunira kalekale, n'kunena kuti:

"Agogo, mbalame zanu zatipulumutsa, chaka chino tidya. Koma legeni yanga ija, musakwere ndege musanandisemere ina."