Felemu Imene Sinalire Bwino

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi agogo, amene anandilera makolo anga atamwalira. Iwo ankathyola tiyi ku esiteti, ndipo sankafuna kuti nanenso ndidzakalambe ndi dengu kumsana. Tsiku la msika pa Goliati ananditengera kwa Che Yusufu, okonza njinga, n'kuwauza kuti: "Mwanayu salankhulalankhula, koma amaona." Che Yusufu anandipatsa sipanala ndi beseni la parafini, ntchito n'kuyambika.

Miyezi itatu ndinkangomata machubu ndi kutsuka matcheni. Mtima sunkakhazikika. Ndinkafuna njinga yathunthu yoti ndiikonze ndekha.

Njinga imeneyo inabwera ndi a Muhiwa, amene anapuma ukapitawo n'kugula ng'ombe ya mkaka. Inali ya kaunjika, yakalekale, ya magiya, felemu yachitsulo, matayala onenepa. Ankafuna kuti izitsika nawo phiri la kwawo m'mawa uliwonse itanyamula zigubu ziwiri za mkaka.

"Muike kaliyala yolimba ndi mabuleki atsopano," anatero. "Magiyawo musachotse monga mumachitira anthu inu. Mawondo anga anathera m'tiyi."

Che Yusufu anandisiyira. Ndinaiphwasula yonse. Chitsulo cha chishalo chinali chitagwirana ndi felemu chifukwa cha dzimbiri, ndipo ndinatha masiku awiri ndikuthira oyilo ndi kumenya ndi hamala. Ndinasintha masipoko, ndinathira girisi m'mahabu, ndinawongola malimu.

Lachisanu masana Che Yusufu ananyamuka kupita ku mzikiti. "Ndidzapeze utaipenta felemuyo. Eni ake akubwera kudzaona."

Ndinali nditaona kuti Che Yusufu asanagule felemu amaipachika pa waya n'kuigogoda ndi sipanala, khutu lili pafupi. Sanandiphunzitsepo, koma ndinayesa. Mapaipi ena onse analira kuti ngwee. Yam'munsi, pafupi ndi pamene pamalowa foloko yogwira tayala lakutsogolo, inangoti gu. Nditapala ndi sandipepa ndinapeza mng'alu wopyapyala ngati tsitsi.

Ndikanangopaka penti, palibe akanauona. Ndinatsegula chitini, n'kutseka. Ndinapita kumsewu, n'kubwerera. Ndikanena, mwina aziti ndathyola ndine ndi hamala ija, kenako andibweze kwa agogo. Koma m'maso mwanga munkabwera a Muhiwa ali pa mtsetse, zigubu kumbuyo, foloko ikuchoka.

Che Yusufu ndi a Muhiwa anafika limodzi, felemu ikadali yosapenta.

"Iwe Mphatso, penti uja wamwa?" anafunsa Che Yusufu.

Ndinangotenga sipanala n'kugogoda. Ngwee. Ngwee. Gu.

Che Yusufu anandilanda sipanala, n'kugogoda okha. Anapitsa chikhadabo pa mng'alupo.

"Uwu ndi wakale, muli dzimbiri. Anakuphunzitsa zimenezi ndani?"

"Inuyo."

A Muhiwa anakwiya. "Ndiye sabata inanso? Mkaka wanga uzisasa panjira ine ndikuyenda wapansi?"

"Bola usase, bambo, kusiyana n'kuti tikakutoleni m'munda wa tiyi," anayankha Che Yusufu.

Felemu ija tinapita nayo kwa owotcherera, anaiveka kachitsulo kolimbitsa, kenako ndinaipenta. A Muhiwa anatenga njinga yawo osandiyang'ana n'komwe, koma m'mawa uliwonse ankaimba belu akamadutsa pashedi pathu.

Loweruka la sabata imeneyo Che Yusufu sanandipatse machubu. Anapachika mafelemu atatu pa waya, n'kundiponyera sipanala. Kulankhula kumandivutabe mpaka lero, koma pashedi panga ku Nsabwe palibe felemu imene ndimaipaka penti ndisanaimve kulira.