Bokosi la usipa lomwe ndinati lipanga DNA mumlengalenga

Inu owerenga, ine ndinaphunzitsa mwana wa mwini bodza chifukwa chofuna kutchuka, ndipo ndinachita manyazi pagulu. Lero ndimaseka ndikakumbukira, koma tsikulo thukuta linali kamukamu.

Kwathu ndi ku Ntcheu, koma ndimaphunzitsa sayansi pa sekondale ina kufupi ndi Chintheche. Tsiku lina ndinawerenga pa foni kuti akatswiri akunja akukonza kachipangizo kopangira DNA mumlengalenga, kuti opita kumeneko azidzipangira okha zofunika pa mankhwala. DNA ndi tiulusi tomwe tili m'chamoyo chilichonse, tosunga malangizo a mmene chamoyocho chidzakhalire. Nkhaniyi inandilowa m'mutu, ndipo ndinaganiza kuti ifenso tipange kathu kokaonetsa pa mpikisano wa sayansi.

Ndinapempha bokosi lakale losungira usipa kwa msodzi wina, n'kuikamo mota ya fani kuti izizunguza timabotolo. Tinkafinya nthochi, kuthira sopo wamadzi ndi mchere, kusefa, kenako kuthira sipiriti pamwamba. Tiulusi toyera tinkayandama, ana n'kuwomba m'manja. Zimenezi zinali zoona, koma kunali kuchotsa DNA m'nthochi, osati kupanga. Ine ndinalemba pabokosipo kuti “Makina opanga DNA mumlengalenga”.

Wokafotokoza anali Wezi, mtsikana wa Fomu 3 wanzeru kwambiri. Iye anandifunsa kuti, “Aphunzitsi, nanga si nthochi inali nayo kale?” Ndinamuuza kuti angoloweza zomwe ndamulembera.

Pa mpikisanopo anthu anaunjikana pa tebulo lathu, ngakhale bokosi linkanunkhabe nsomba. Woweruza anali mayi wina woyeza magazi kuchipatala. Anamvetsera Wezi akumwetulira, kenako anati, “Mwanawe, kumwambako zinthu sizilemera. Sipiritiyu adzakhala bwanji pamwamba? Komanso mwapanga kapena mwachotsa?”

Wezi anandiyang'ana misozi ili lengelenge. Inu owerenga, mwana yemwe ankadziwa zoona ankaoneka ngati mbuli chifukwa cha ine. Ndinadzuka n'kuvomera kuti mawu a pabokosiwo anali anga, ndipo mwanayo anandichenjeza koma sindinamve. Anthu anaphulika chiseko, ena mpaka kugwira m'mimba.

Mayi uja anamatula pepala lomwe ndinalembapo mawuwo pabokosi n'kuuza Wezi kuti afotokoze m'mawu akeake. Mtsikanayo anapukuta m'maso, n'kufotokoza bwinobwino, Chichewa chosakaniza ndi Chitonga, kuti sopo amaswa timaselo ndipo sipiriti amasonkhanitsa tiulusi. Anawonjezera yekha kuti kupanga DNA ndi kulumikiza tizidutswa take kamodzikamodzi, ndipo bokosi lathu silingathe. Tinakhala achitatu. Woweruzayo anandinong'oneza kuti likanapanda bodza langa, ana akanapita ku Mzuzu kukapikisana ndi ena. Zimenezi n'zomwe zimandiwawabe.

Pobwerera m'minibasi ndinapepesa, Wezi n'kungoti, “Yewu, aphunzitsi,” zikomo wa Chitonga, uku akudya nthochi zomwe zinatsala. Panopa amati adzaphunzira mpaka adzagwire makina enieniwo, ndipo ine ndimamukhulupirira.

Aphunzitsi anzanga ndi makolo, kanthu kakang'ono komwe mwachita, katchuleni ndi dzina lake. Ndipo mwana akakufunsani funso lokuvutani, musamutseke pakamwa. Mwina ndiye akukupulumutsani.