Masitepe Otsikira ku Mtsinje

Mwana wanga wamkazi ndi namwino ku Newcastle. Chaka chimene anandiitana kukacheza, bondo langa lakumanja linali litayamba kuvuta. Anandigulira ndodo. Ndinaikoleka kuseri kwa chitseko.

"Bambo," anatero, "mukadzangogwa kamodzi, ndidzakubwerekerani njinga ya olumala, tizikukankhani."

Ine ndakwera mapiri a ku Dedza nditasenza mbatata.

Loweruka lina iye anali kuntchito, choncho wondiperekeza kukaona mbali yakale ya mzindawo anali mwamuna wake. Kwathu munthu ndi mkamwini wake sayenda moyandikana, sadyera mbale imodzi, sagwirana. Iye mwambo ankaudziwa. Ine patsogolo, iye pambuyo.

Tinaona linga la miyala yakuda, ndi chinyumba cha asilikali akale, njanji ikudutsa pambali pake. Timisewu tina n'topapatiza, ngolo singadutse. Miyala ya pansi inaperepeseka ndi mapazi a anthu amene anafa kalekale. Ndinaikhudza. Amene anamanga sankathamanga.

Kenako tinafika pa masitepe otsikira ku mtsinje, aatali, opindika pakati pa zipupa, onyowa ndi mvula yowaza. Nditatsika pang'ono, bondo linakana. Ndinaima ngati ndikuyang'ana mlatho. Kutsika kunali kugwa. Kubwerera kunali kuvomera njinga ija. Kupempha mkono wa mkamwini, pakamwa panga sipakanatha.

Ndinamva iye akuyandikira.

"Bambo, pepani," anatero, maso ali pansi. "Nsapato zangazi n'za mu ofesi, zikuterera. Ndigwireniko, ndingagwe."

Ndinayang'ana nsapatozo. Zinali za mphira wokhuthala, zoyenera kukwerera phiri.

"Achinyamata a masiku ano," ndinatero. "Kugula nsapato osayang'ana kunsi."

"Ndi ulesi, bambo."

Ndinamugwira mkono. Thupi langa lonse linatsamira pa iye, ndipo iye ankanamizira kudzandira kuti odutsa aone ngati wothandizidwa ndi iyeyo. Tinatsika mpaka pansi. M'mbali mwa mtsinje anandigulira tiyi, iye n'kukamwera wake pa benchi lina, monga mwa ulemu.

Madzulo mwana wanga anafunsa za bondo.

"Funsani za ine," anatero mwamuna wake. "Pakanapanda bambo, bwenzi ndili m'wodi mwanumo."

Njinga ija sinabwere. Mzindawo ndinauyenda ndi miyendo yanga mpaka tsiku lobwerera. Zikomo sindinanene, si kayankhulidwe kanga. Koma mbatata ya kachewere ikakhwima, mzere wa kumunsi kwa munda sindigulitsa. Ndi wa mkamwini.