Nkhongo ya atate m'kanema wa mtedza

Anyamata amene ndagwira nawo ntchito ku wailesi ya kanema amandidziwa ndi zinthu ziwiri: kukalipa, ndi kakhalidwe kena kamene amaseka ndikatembenuka. Tisanayambe kujambula munthu wa kumudzi, ndimasiya zonse, n'kukaima pamene waima iyeyo, n'kuyang'anitsitsa anthu amene ali kumbuyo kwa kamera. Iwo amati mdala ali ndi zizimba zake. Chifukwa chake sindinawauzepo.

Ndinali ndi zaka ngati zisanu ndi zitatu, m'masiku a Chitaganya, pamene galimoto ya ojambula inafika m'mudzi mwathu, kum'mwera kwa Sinda. Munatuluka mzungu mmodzi, womasulira wake, ndi kamera ya miyendo itatu. Ankafuna kupanga kanema wophunzitsa kakololedwe ka mtedza, ndipo mlangizi wa zaulimi anawalozera kwa atate chifukwa munda wawo unali wosamalika. Anafunanso mwana woti azitsatira mlimiyo pambuyo. Anzanga onse anathawira kuseri kwa nkhokwe. Ine, poti manyazi ndinabadwa ndilibe, ndinatsala pomwepo ndikukanda pamimba, ndipo ntchito ndinaipeza choncho.

Tinajambula masiku atatu. Masiku awiri oyambawo kamera inkangoona manja, khasu, ndi misana yathu chapatali. Nkhope ya atate anaisungira tsiku lomaliza: iwo anyamule dengu lodzaza mtedza, ine ndiime pambali pawo, kenako adzutse mutu n'kumwetulira moyang'ana kamera.

Atate anali mkamwini m'mudzimo. Kwathu mwamuna amakhala kwa mkazi wake, ndipo apongozi ake aakazi sawayang'ana kumaso. Ndinali nditawaonapo atate akupatukira m'udzu wa mame chifukwa ambuya, amene anabala amayi anga, ankabwera m'njira yomweyo. Zimenezi ndinkazidziwa bwinobwino. Koma masiku awiri aja anali atandikuza mutu, ndipo zinkandiwawa kuti mudzi wonse wandiona kupatula ambuya, amene maso awo anali ndi ng'ala ndipo sankayendayenda.

"Ambuya, tiyeni mukandione, lero ndiye lomaliza!"

"Ndikaona chiyani ine ndi maso angawa?"

"Ndikakukhazikani pafupi."

"Atate ako aliko?"

"Ayi, lero ajambula ine ndekha."

Bodza limeneli linatuluka mosavuta, moti sindinalimve kulemera. Ndinawagwira dzanja mpaka kumunda, n'kuwakhazika pamalo abwino kuposa onse, pafupi penipeni ndi mwendo wa kamera.

"Bambo, dzutsani mutu, yang'anani kuno!" anakuwa womasulira.

Atate anadzutsa mutu pang'ono, anaona nsalu ya ambuya, basi anatembenuka ndi dengu lawo n'kupereka nkhongo ku kamera. Anayambiranso kachiwiri, zinali zomwezo. Mzungu anafiira, poganiza kuti munthuyu akuopa makina. Womasulira anali wochokera kutali, miyambo yathu sankaidziwa. Anthu a m'mudzi anaona zonse, koma ndani akanadzutsa apongozi a munthu pamaso pa alendo? Filimu inali itatsala pang'ono, choncho mzungu analunjikitsa kamera kwa ine. Ndinaseka mano onse pamtunda. Ndinene zoona, ndinakondwa kuti kanema athera pa ine.

Atate sanandikalipire. Pobwerera kumudzi anangondisisita m'mutu n'kunena kuti, "Wachita bwino, mwanawe."

Chaka chomwecho, titatha kukolola, anapita ku Halale kukafuna ntchito monga ankachitira amuna ambiri. Makalata anabwera awiri, kenako zii. Chithunzi chawo panyumba panalibe. Kumudzi ankajambulitsa ndani masiku amenewo? Dzinja litadutsa kawiri ndinayamba kuona chinthu chimene chinandiopsa. Mawu awo ndinkawamvabe, chifuwa chawo cha m'mawa, ngakhale fungo la fodya wawo, koma ndikatsinzina kuti ndione nkhope, inkakana kubwera. Ndinkawasowa kwambiri, ndipo ndinkachita manyazi kufunsa amayi kuti kodi atate ankaoneka bwanji.

Tsiku lina mlangizi uja anatiuza kuti kanema wathu aonetsedwa ku Katete. Ndinavutitsa amayi mpaka anavomera. Tinanyamuka kusanache bwino, ndipo m'njira monse ndinkadziuza kuti mwina kamera inawagwira asanatembenuke, ngakhale kamphindi kochepa. Amayi anavala nsalu yawo ya kutchalitchi. Ankayenda mofulumira kuposa ine.

Anaonetsera masana m'shedi yosungiramo mbewu, mazenera atatseka ndi masaka. Kanemayo analibe mawu, munthu wina ndiye ankafotokoza pa chimkuzamawu. Manja a atate anaoneka akuzula mtedza, ndipo amayi anandigwira phewa. Kenako linabwera dengu lija. Mutu unayamba kudzuka, koma chibwano chisanaoneke n'komwe munthu anatembenuka. Panatsala nkhongo yometedwa, makutu awiri, ndi thukuta m'khosi. Anthu m'shedimo anafa nazo kuseka. Kenako nkhope yanga inadzaza chinsalu chonse, mano mbee, ndipo anaomba m'manja.

Ndinapempha woyendetsa makina oonetsera kanemayo kuti abwezere pang'ono. Anandithamangitsa.

Tinauyamba ulendo wobwerera kumudzi. Titadutsa masitolo a m'mbali mwa msewu amayi anati, "Khosi ndi lomwe lija." Patapita nthawi anawonjezera, osandiyang'ana, "Akanadzutsa bwanji mutu, apongozi awo ali pomwepo? Atate ako anali munthu waulemu." Sanafunse amene anabweretsa ambuya kumundako, ndipo mpaka anamwalira sanafunsepo.

Kanema ameneyo ndiye ananditsegulira njira. Aphunzitsi a ku mishoni ankanditenga m'masewero onse, kenako ndinapita ku Lusaka, ndinayamba ndi kunyamula mawaya, mpaka ndinafika pouza ena poima ndi poyang'ana. Ndajambula mafumu, oimba, amayi a pamsika, nkhope zosawerengeka. Filimu ya mtedza ija ndinaifunafuna m'malo onse osungirako zakale, koma palibe amene akudziwa kumene inathera.

Nthawi zina m'tauni ndimaona mwamuna wometa akuyenda patsogolo panga, makutu otambalala pang'ono, ndipo ndimafulumiza mwendo ngakhale ndikudziwa kuti atate akanakhala nkhalamba yotheratu. Ndikamuyandikira ndimabwezanso liwiro kuti ndisamupitirire. Ngakhale akanakhala iwowo, kutsogoloko sindikanawazindikira.