Moni wa a Baba Morenike

Mu Ibadan monse mulibe wodziwa kupereka moni kuposa a Baba Morenike, osoka zipewa za fila kuseri kwa msika wa Dugbe. Ukakumana nawo uli pachangu, ulendo wako wathera pomwepo. Amakupatsa moni wa m'mawa, moni wa kuyenda, moni wa dzuwa la dzulo, kenako n'kufunsa za amayi ako, za ana, mpaka za mbuzi yako imene inkatsimphina chaka chatha. A njinga zamoto amangozimitsa injini akawaona akukweza dzanja.

Chimene chinkawadya mumtima ndi mwana wawo Morenike, namwino ku Canada. Ankaimba foni mwa apo ndi apo, ndipo moni usanafike pakati ankati, "Baba, ndili pantchito," n'kudula. Kenako kuimbako kunatheratu. Komabe mkazi wawo, a Iya Morenike, ankabwera ndi nkhani za mwanayo tsiku ndi tsiku.

"Mumazimva kuti zimenezi?" anafunsa a Baba.

"Amalemba patsamba la mchezo lija la mawu ochepa. Wadya chiyani, kwazizira bwanji, dziko lonse likudziwa. Otsalira ndinu nokha."

Mayiwo anawatsegulira tsamba lawo, n'kuikapo chithunzi atapendeketsa chipewa. "Malo olembapo ndi ochepa ngati thumba la malaya, bambo inu. Muzingonena chimene mwabwerera."

A Baba anavala magalasi n'kuyamba kudina ndi chala chimodzi. "Moni nonse a m'nyumba muno. Moni wa kukhala pansi kwa amene mwakhala, moni wa kuimirira kwa amene mwaimirira. Moni wa mvula ya dzana. Kunyumba kuli bwanji? Nanga ana? Ine ndabwera kudza..." Malo anathera pamenepo.

Mawa lake zinali chimodzimodzi, mkuja wakenso. Anthu anayamba kutumizirana mauthengawo akufa ndi phwete, ndipo owatsatira anachuluka ngati nyerere pa shuga. Aliyense wowayankha a Baba ankamubwezera moni wathunthu, ngakhale otsatsa mankhwala omeretsa tsitsi. Zipewa za eniake zinayamba kuchedwa.

"Kutchuka mwatchuka, bwanawe," anatero a Alhaji Rasaki, ogulitsa ulusi pafupi nawo. "Koma munabwera kudzatani? Tiuzeni tisanamwalire."

Morenike yekha sankawalembera kanthu. Ankangodina kamtima pansi pa moni uliwonse. A Baba ankakayang'ana kamtimako nthawi yaitali, ndipo kankawapweteka.

"Yambani ndi nkhani, moni ubwere pambuyo," anawalangiza mkazi wawo.

"Ndilowe m'nyumba ya eni ngati nkhuku? Bambo anga anandilera, mayi."

"Ndiye pitirizani kupatsa moni a mankhwala a tsitsi."

Masana ena, mbale ya amala, nsima ya kwawoko, ili patsogolo pawo, kamtima kanabweranso. A Baba anakankhira mbale kumbali. Analemba kuti, "Morenike, ndakusowa," n'kutumiza. Manyazi anawagwira ngati alowa mumsika opanda chipewa.

Patsamba panavuta. Ena ankafunsa ngati a Baba adwala, ena ankati foni yawo yabedwa. A Alhaji Rasaki anatulukira akupumira m'mwamba, ulusi uli m'khosi. Asanafunse kanthu, foni inalira.

"Baba, chachitika n'chiyani?" Anali Morenike. "Simunapereke moni."

A Baba anavula magalasi, nakhala bwinobwino pampando, n'kukonza chipewa.

"Moni wa m'mawa wa kumeneko, mwana wanga. Moni wa kuzizira. Moni wa ntchito. Moni wa masiku onse amene sitinamvane."

Anafunsa za odwala ake, za eni nyumba, za nsapato zimene anadandaula patsamba kuti zikumuthina. Amala anazizira, a Alhaji anabwerera ku ulusi wawo. Morenike anayankha moni uliwonse, umodziumodzi, ndipo foni sanadule.