Madala Osunga Makiyi a Mafoda

Madala a makompyuta salankhula zambiri, koma akati ayi, ndi ayi basi. Ndi bambo wa imvi mbuu, ndipo amakhala m'kachipinda kozizira momwe makina osungira mafayilo amalira tsiku lonse. Ndi iwo anakonza zoti wantchito aliyense akhale ndi foda yakeyake yosungiramo mafayilo ake m'makinamo, yomwe amaipeza pa kompyuta iliyonse mu ofesimo. Mafodawo iwo amawatcha nyumba. "Pa nyumba ya eni timaodira," amatero.

Tsiku lina bwana wamkulu analowa osagogoda n'komwe. Ankafuna kusuzumira mu foda ya mayi wina wolemba makalata, poganiza kuti akufunsira ntchito kwina.

"Tsegulani, madala."

"Sinditsegula, bwana. Aitaneni eni ake adzatsegule okha."

"Mukudziwa kuti ndikhoza kukuchotsani ntchito lero lomwe?"

Madalawo anapukuta magalasi awo mosapupuluma. "Ndichotseni. Koma mwezi watha winanso anabwera kudzafuna foda yanu. Ndinamuyankha chimodzimodzi."

Bwana anafunsa kuti, "Ndani ameneyo?"

"Imeneyonso ndi nyumba yokhoma, bwana. Potuluka mutseke chitseko, makinawa sagwirizana ndi kutentha."